Grandstream HT802: kabokosi kabwino, bola mukapatse adiresi yosasuntha

Amene muli ndi mafoni akale a pa tebulo aja, a chingwe chopotanapotana, amene anangounjikidwa m'makabati ground line itasiya kudalirika, musawataye. Grandstream HT802 ndi kabokosi kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu kamene kamawadzutsa. Uku mumalowetsa chingwe cha netiweki, uku mafoni awiri, basi mafoni aja ayamba kuimba kudzera pa intaneti kapena pa PBX ya mu ofesi mwanu, makina olumikiza mafoni a mkati kuti aziimbirana. Ine ntchito yanga ndi yoyala zingwe ndi kukonza netiweki m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'malo ogona alendo, kuno ku Lilongwe ndi cha ku Salima uko, ndipo timabokosi timeneti ndatikhomera m'makoma ambirimbiri. Ndi katundu wabwino, wolimba, wosadya magetsi. Koma anthu akandiimbira kuti "kabokosi kaja kafa", nthawi zambiri kamakhala kali moyo, kangosochera. Mlandu wonse umakhala pa adiresi ya IP, nambala yokapezera pa netiweki, imene kanapatsidwa tsiku loyamba, kapena imene woikayo anachita ulesi kukapatsa.

M'katoni mumapeza kabokosiko, chaja chake, kachingwe kakafupi ka netiweki ndi kapepala ka malangizo. Kumbuyo kuli ma port awiri a foni, port imodzi ya netiweki ya 10/100, polowera magetsi, ndi kabowo ka reset kofuna singano. Pamwamba pali timagetsi tinayi: ka moto, ka netiweki, ndi tiwiri ta mafoni. Sikirini palibe, mabatani palibe, Wi-Fi ayinso. Ndiye munthu akalumikiza zonse, timagetsi tayaka, amangokayang'ana kakasi. Kuti aikemo akaunti yoimbira ayenera kulowa mkati mwake ndi kompyuta, kuti alowe ayenera kudziwa adiresi yake, koma adiresiyo palibe pomwe yalembedwa.

Apa eni ake, kampani ya ku Boston ku America, anaganiza bwino. Foni yomwe mwalumikizayo ndiyo imakuuzani. Inyamuleni, dinani star katatu, mumva mawu akuti "Enter a menu option". Dinani 02, ayamba kukuwerengerani adiresi nambala imodziimodzi. Ife amene zala zathu zinakulira pa *211# ndi *444# sitivutika nazo izi, ngakhale mlonda ndimatha kumuuza pa foni ali ku geti iye n'kundiwerengera. Khalani ndi cholembera pafupi chifukwa mawuwo sadikira munthu, ndipo ndi a Chingerezi cha ku America. Mukaphonya, dinani hashi mubwerere poyambira, kenako 02 kachiwiri. Foni ikhale ya mabatani. Ya chizungulire ija ya nthawi ya agogo ilibe star. Komanso mafoni ena akale ali ndi kaswichi m'mbali kapena pansi kolembedwa T ndi P. Kakhale pa T, apo ayi mudina mpaka chala chitupe kabokosi osamva kanthu.

Mukamva kakuti zero, zero, zero, zero, dziwani kuti sikanapatsidwe adiresi. Musathamangire kukabweza. Yang'anani chingwe kaye, kenako rauta.

Kuchokera ku fakitale, HT802 imabwera itatcheredwa pa DHCP. Kutanthauza kuti ikangoyaka imafuula pa netiweki kuti ndipatseniko adiresi, rauta n'kuibwereka imodzi mwa zimene ili nazo, kwa nthawi yoikika. N'kubwereka, si kupatsiratu. Zili ngati mipando ya mu minibasi: wofika msanga ndiye amasankha, ndipo mpando umene munakhala dzulo si wanu lero. Kumene magetsi sazimazima izi sizionekera, chifukwa chipangizo chimangowonjezera nthawi pa adiresi yomweyo mpaka chaka kutha. Kwathu kuno zonse zimazima pamodzi n'kuyakanso pamodzi, mwina kangapo pa tsiku, ndipo marauta otchipa ambiri akazima amaiwala amene anamubwereka chiyani. Magetsi akabwera ndi mpikisano: ma laputopu, printa, makina a makamera, mafoni a m'manja a aliyense amene akudziwa pasiwedi ya Wi-Fi, onse kulimbirana.

Ku Senga Bay kuli malo ena ogona alendo kumene ndinakaona zimenezi zitafika poipa. Anali ndi timabokosi titatu, totumikira reception, khitchini, bala, geti ndi ofesi ziwiri, ndipo PBX inali kakompyuta kakale kokhala ndi pulogalamu ya FreePBX, kobisidwa pansi pa kauntala. Amene anaika zinthuzo anagwira ntchito yooneka bwino ndithu, zingwe zili m'mapaipi, koma chilichonse anachisiya pa DHCP, ndi PBX yomwe. Tsiku limene ankaika, PBX inapeza 192.168.1.102, iye n'kulemba nambala imeneyo m'timabokosi tonse ngati pokapezera seva. Zinayenda mpaka magetsi atazima usiku wina. Mayi woyang'anira malowo anandilandira ndi mawu akuti, "Achimwene, mungozula zimenezi, tibwerere kokuwa. Kukhitchini timamvana bwinobwino ndi pakamwa." Nditanyamula foni ya pa reception, kulira kwa laini kunalipo, koma kagetsi ka Phone 1 kanali kozima, chizindikiro choti akaunti sinalembetsedwe pa seva. Star katatu, 02, kabokosi kanayankha mwaulemu adiresi yake. Kanali bwinobwino. Nditayang'ana mu rauta, 192.168.1.102 inali m'manja mwa foni ya Tecno ya mlendo wina, PBX itakankhidwira ku 109. Timabokosi tonse titatu tinkagogoda pakhomo pa mlendoyo kupempha kulembetsa.

Nkhaniyi ili ndi mbali imene ambiri amaisokoneza. Adiresi yoyamba kuikhomerera si ya HT802, ndi ya PBX. Kabokosi kakasintha adiresi koma seva ili pomwepo, kamakalembetsanso kokha n'kuuza seva kumene kali tsopano, mafoni n'kupitiriza kulira. Ndiye wina anganene kuti kasiyeni pa DHCP, ndipo pa nyumba pamene pali kabokosi kamodzi koimbira ku kampani ya kunja, sindikangana naye. Koma pamalo a ntchito ine ndimakakhomerera ndithu. Chifukwa choyamba n'chakuti tsiku lovuta ndimafuna kutsegula kompyuta n'kulowa m'kabokosi ka ku geti osayamba ndayenda kukadina star. Chachiwiri n'chachikulu: kuimbirana kwa mkati sikufuna intaneti, sikufunanso rauta. Ngati PBX, switch (chipangizo chokumanirapo zingwe za netiweki) ndi timabokosi zili ndi moto, ndipo chilichonse chikudziwa adiresi yake pachokha, reception iimbira ku geti ngakhale rauta itapsa kapena bandulo itatha. Pa DHCP, rauta ikafa kabokosi kakangozima n'kuyakanso kamakhala chiyembekezere.

Musanalembe nambala iliyonse, dziwani kaye netiweki imene mulimo. Musaloweze za kwa mnzanu. Marauta a 4G a Huawei ambiri amabwera ndi 192.168.8.1, a TP-Link ambiri 192.168.0.1, MikroTik 192.168.88.1, Starlink 192.168.1.1. Pa kompyuta ya Windows yolumikizidwa pa netiweki yomweyo tsegulani cmd mulembe ipconfig, muona pomwe palembedwa Default Gateway. Imeneyo ndiyo rauta yanu. Magulu atatu oyamba a manambala kabokosi katengere pomwepo, gulu lomaliza ndilo mumasankha. Kenako lowani mu rauta muone malire a maadiresi amene imabwereketsa. Yambiri imayambira pa 100 kukwera, koma ina, monga MikroTik, imayambira pa 10 mpaka 254, moti malo otsala ndi ochepa pokhapokha mutachepetsa malirewo nokha. Adiresi yosasuntha muisankhe kunja kwa malire amenewo. Mukaisankha mkati, tsiku lina rauta idzaibwereketsa kwa wina mosadziwa kuti ili ndi mwini, ndipo vuto lake ndi loipa kuposa kufa kwenikweni: foni imalira lero, mawa ayi, mukamalankhula mawu amaduka pakati, aliyense n'kumanamizira netiweki. Ku Senga Bay kuja ndinaika PBX pa 192.168.1.10, timabokosi pa 21, 22 ndi 23, rauta n'kuiuza kuti ibwereketse kuyambira 100 mpaka 200 basi. Musanaigwiritse nambala, ichiteni ping kaye, kutanthauza kulemba ping ndi nambalayo mu cmd muja. Pakayankha china, ili ndi mwini wake, kawirikawiri makina a makamera kapena printa imene wina anaikhomerera kalekale osauza munthu.

Kulemba adiresiyo kuli pawiri. Mukhoza kuchitira pa foni pomwepo, popanda kompyuta. Star katatu, 01, kakuuzani ngati kali pa DHCP kapena pa static, ndiye adiresi yosasuntha ija. Dinani 9 mpaka kanene kuti static. Hashi, kenako 02, lembani adiresi. Pano ndi pamene ambiri amagwa. Kabokosi kamafuna manambala 12 ndendende, popanda madontho, choncho gulu lililonse likwane manambala atatu. 192.168.1.21 mumalemba 192168001021. Mukalemba 192168121 mwataya nthawi. Pa 03 ndi subnet mask, imene m'maofesi ang'onoang'ono pafupifupi onse ndi 255255255000. Pa 04 ndi adiresi ya rauta, mwachitsanzo 192168001001. Pa 05 ndi DNS, seva yomasulira maina a pa intaneti kukhala manambala. Ikani ya rauta yomweyo kapena 008008008008 ya Google. Pomaliza 99 kenako 9, kazime n'kuyakanso, chifukwa zosinthazo sizigwira kasanatero. Kakadzuka, bwererani pa 02 mumve ndi makutu anu kuti kalandiradi.

Kunena zoona njira iyi sindiikonda. Ili ndi ntchito yake, koma maziro odzazira aja amasokoneza munthu, makamaka ukaima pa makwerero foni itapanidwa pa phewa. Pa ma Cisco SPA112 ndi ma Linksys PAP2T akale, amene amatsegulidwa ndi star kanayi, adiresi umaimva pa 110# n'kuilemba pa 111#, ndipo star imaimira dontho, moti umalemba monga momwe umaiwerengera. Pamenepo okha Cisco anapambana.

Njira imene ndimatsata ndi yachiwiri. Ndimakasiya katenge adiresi iliyonse pa DHCP, ndimve pa 02, ndiilembe mu browser, ndilowe. Dzina ndi admin. Pa timabokosi takale pasiwedi inalinso admin, koma tatsopano timabwera ndi pasiwedi yakeyake yolembedwa pa kapepala komatidwa kunsi. Jambulani kapepala kameneko ndi foni yanu musanakakhomere ku khoma, mudzandithokoza. Mukalowa pitani pa Basic Settings, sankhani pamene palembedwa "statically configured as", mudzaze adiresi, mask, rauta ndi DNS m'mipata yake mukuona ndi maso. Dinani Update, kenako Apply, kenako Reboot. Tsamba limene munalipo lifa, musadabwe, kasamuka. Katsatireni ku adiresi yatsopano.

Pali anzanga ena a ntchito yomweyi amene amakana zonsezi, amati kabokosi kakhale pa DHCP koma rauta iuzidwe kuti kameneka kazipatsidwa nambala yomweyo nthawi zonse. Pa TP-Link amatcha Address Reservation, pa MikroTik umapita pa Leases n'kudina Make Static. Zimafuna MAC ya kabokosi, nambala yake ya ku fakitale, imene ili pa kapepala kakunsi kaja, kawirikawiri yoyamba ndi 00:0B:82 kapena C0:74:AD, kapena mukhoza kuimva pa star katatu ndi 10. Ubwino wake ndi woti maadiresi onse ali pamalo amodzi, ndipo kabokosi mukakasamutsira ku ofesi ina kamangogwira. Pamene pali MikroTik yokhala pa batire, imene palibe amaigwiragwira, inenso ndimachita chomwecho. Koma m'malo ambiri amene ndimapitako rauta ndi ija ya SIM card, imene bwana amainyamula Loweruka kupita nayo kunyumba, kapena mwana wa ntchito amaibaya reset intaneti ikachedwa. Ikabayidwa, ma reservation onse apita. N'chifukwa chake kumeneko ndimalemba m'kabokosi momwemo.

Static nayo ili ndi mbola yake. Chiyambireni kufika Starlink m'dziko muno mu 2023, malo ambiri a kunyanja asintha rauta, ndipo netiweki imene inali 192.168.8 inasanduka 192.168.1 tsiku limodzi. Kabokosi kokhomereredwa pa 192.168.8.21 kamakhala kogontha pa netiweki yatsopanoyo; browser siikapeza, ping siyankha. Apa ndi pamene ndimakakhululukira maziro aja. Star katatu, 01, 9 mpaka kabwerere pa DHCP, 99 ndi 9, katulukira. Palibe kufufuta akaunti, palibe singano. Zipangizo zina zopanda njira yotereyi umachita kusintha adiresi ya laputopu yako kuti ifanane ndi yakale, kulumikiza chingwe mwachindunji, ndipo zimenezo zimatheka ngati ukuikumbukira yakaleyo. Za Starlink zomwezo, rauta yake ya mtundu wachiwiri ilibe port ya chingwe pokhapokha mutagula adapter yake padera, ndipo HT802 popanda chingwe ndi mwala.

Ndikamaliza ndimadula ka masking tape, n'kulemba ndi maka yakuda: 192.168.1.22, khitchini 104, bala 105. Ndimamata pamwamba pa kabokosi, osati kumbuyo. Ena amati zimanyansitsa. Kabokosi kali kuseri kwa furiji, kakunyansa ndani?

Manambala awiri a rauta ndi DNS aja anthu amawapeputsa chifukwa mafoni a mkati amalira ngakhale atalakwika. Zizindikiro zake zimabwera mwakachetechete. Kabokosi kamatenga nthawi pa intaneti kudzera pa NTP, ndiye mukaona foni ya sikirini ikuonetsa tsiku lachilendo, kayang'aneni pa 04 ndi 05. Ngati akaunti yanu ili ku kampani ya kunja ndipo seva yake inalembedwa ndi dzina osati manambala, popanda DNS tsamba la Status lidzangoti Not Registered mpaka kalekale, inu n'kumasintha pasiwedi imene ilibe mlandu. Pomwepo pa Basic Settings sinthaninso nthawi ikhale GMT+2.

Adiresi ikakhazikika, zotsalazo ndi zachidule. Pa tsamba la FXS Port 1, la foni yoyamba, mumalemba adiresi ya PBX pa Primary SIP Server, nambala ya foniyo pa SIP User ID ndi Authenticate ID, ndi pasiwedi yake. Chimodzimodzi pa FXS Port 2. Mafoni awiriwo amagawana adiresi imodzi, amasiyana pa nambala ya Local SIP Port, woyamba 5060 wachiwiri 5062, musazifananitse. Kagetsi ka foni kakayaka osaphethira, mwamaliza.

Mawu ake ndi omveka bwino. Mkati mwa nyumba, pa njira yonyamulira mawu yotchedwa G.711, munthu wa ku khitchini umamumva ndi mapoto omwe. Ngati mafoni akutuluka kudzera pa bandulo, werengani: G.711 imadya pafupifupi 80 kbps mbali iliyonse, kutanthauza cha m'ma 1.2 MB pa mphindi mukaphatikiza popita ndi pobwera, pomwe G.729 imadya cha m'ma 24 kbps, osafika theka la MB pa mphindi, koma mawu amauma pang'ono. Chimene chimadabwitsa ogwiritsa ntchito atsopano n'chakuti ukamaliza kudina nambala pamakhala zii kwa masekondi anayi foni isanayambe kuitana. Sikuwonongeka, kamakhala kakudikira ngati muwonjezera nambala ina. Auzeni azimalizira ndi hashi, kapena chepetsani No Key Entry Timeout. Kaliridwe ka laini ndi ka belu kamabwera ka chi America. Kamasinthika, koma palibe amene anandipemphapo.

Pa magetsi ndi pamene kamandisangalatsa kwambiri. Timene ndagwira ine timalandira 5V pa micro-USB, ngati foni ya m'manja yakale. Power bank imene imatha kutulutsa moto uku ikutchajidwa imakasunga maola ambiri, ndipo ngakhale chaja chitabwera ndi mano a chi America osalowa m'masoketi athu a mano atatu, chaja chilichonse chabwino cha 5V 1A chimagwira. Ndikuti chabwino. Za pa msewu zija zimalowetsa kaphokoso kong'ung'udza m'makutu, ndipo munthu amaganiza kuti ndi foni. Kapulagi ka micro-USB n'kakang'ono, kosavuta kusolola wokolopa akakoka chingwe, choncho ndimakamanga ndi cable tie. Kumbukiraninso kuti kabokosi kokha kukhala ndi moto sikuthandiza ngati switch ndi PBX zazima. Ndipo chingwe cha foni chikatuluka panja kupita ku geti, nyengo ya mvula isanafike muikepo choteteza ku mphezi, chifukwa chingwe chachitali cha panja ndiye njira yake.

Chimene chimandikondweretsanso pa HT802 ndi chinthu chimene ena amachiona ngati kuperewera: port ya netiweki ndi imodzi yokha. Akulu ake, HT812, HT813 ndi HT814, ali ndi ziwiri, WAN ndi LAN, ndipo mkati mwake muli karauta. Mbali ya LAN imabwera ndi 192.168.2.1 ndipo nayo imabwereketsa maadiresi. Munthu wosadziwa akalowetsa chingwe cha ofesi ku LAN m'malo mwa WAN, pa netiweki pamakhala obwereketsa awiri. Makompyuta ena amayamba kulandira 192.168.2 chakuti, intaneti n'kuwathawa, ena ali bwinobwino pa desiki yoyandikana. Ofesi ina ku Area 3 anafika poimbira kampani yawo ya intaneti kukalipa, chonsecho vuto linali kabokosi ka mafoni kolowetsedwa chagada. Pa HT802 simungalakwitse chotero. Komano port ya LAN ija ilinso ndi phindu lake kwa wodziwa: umalumikiza laputopu pomwepo, kutsegula 192.168.2.1, walowa, osadina star.

Musagule HT802 ngati cholinga chanu n'kulowetsa ground line mu PBX. Ma port ake onse awiri ndi FXS, amatulutsa moto ndi belu kupita ku foni. Laini yochokera ku khoma nayo imabwera ndi moto wake, cha m'ma 48V, ndiye mukazikumanitsa mukhoza kuotcha port. Ya ntchito imeneyo ndi HT813, imene ili ndi FXO imodzi, yolandira laini ya ku khoma, ndi FXS imodzi. Ndipo pa FXO nkhani ya adiresi ilibe zokambirana, chifukwa kawirikawiri PBX imatumiza mafoni otuluka molunjika ku adiresi ya kabokosiko. Ikasuntha, laini yatseka. Ogulitsa ena sasiyanitsa, kwa iwo zonse ndi "gateway", ndiye werengani nokha pa katoni.

Tsamba lake la zosintha ndi lachikale, mizere mazanamazana ya timawu ting'onoting'ono, moti munthu wamba akalowamo amatuluka mutu ukuwawa. Zambiri musazikhudze. Ziwiri zokha ndimayatsa nthawi zonse pa FXS Port: Allow Incoming SIP Messages from SIP Proxy Only ndi Check SIP User ID for incoming INVITE. Pa intaneti pali makina amene amangoyendayenda kugogoda pa 5060 kufunafuna ma PBX osatseka, ndipo akafika pa kabokosi kanu foni imalira pakati pa usiku, nambala yoonekera 100 kapena 1000, mukanyamula kuli zii. Mlonda akakumana nazo kawiri amayamba kukamba zina. Musatsegulire kabokosi port pa rauta kuti muzikafikira muli kunyumba, ndipo pasiwedi ya admin isinthidwe tsiku lomwelo. Mawu akamamveka mbali imodzi yokha, kapena foni ikamaduka patangopita masekondi makumi atatu, kafufuzeni SIP ALG mu rauta muizimitse.

Za kaunjika samalani nazo. Timabokosi tina tobwera m'mabelo a zamagetsi kapena totumizidwa ndi achibale a ku UK ndi ku Joni tinali ta makampani a mafoni kumeneko, ndipo tinatcheredwa kuti tikangoona intaneti tizikatenga malangizo kwa eni ake akale. Umalemba zako zonse, kuzima, kuyatsa, wapeza zabwerera. Yesani reset kaye: singano m'kabowo kwa masekondi 7. Ilipo ya pa foni, 99 kenako MAC yonse, koma zilembo uzisandutse manambala, A kukhala 22, B 222, C 2222, D 33, mpaka F 3333. Singano ndi yachangu. Kakakana kumasuka musalipire. Ma SPA112 otchipa amene adzaza m'misika ya pa intaneti nawo ndimawapewa tsopano, ngakhale menyu yake ndimaikonda. Mu Meyi 2023 Cisco inalengeza kuti ali ndi chibowo chachikulu cholola munthu wa pa netiweki kuikamo firmware yake, pulogalamu yoyendetsa kabokosi, popanda pasiwedi, ndipo inanena kuti sikonza chifukwa anasiya kuwapanga. Mafoni a pa tebulo ochokera ku UK nawo amabwera ndi pulagi yophwatalala ya BT imene silowa. Mufunika chingwe cha RJ11, ndipo chikakana kupereka laini yesani china musanaweruze foni, chifukwa mawaya ake mkati sakhala pamalo amodzi.

Mtengo umasinthasintha ndi kwacha, makamaka chigwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho funsani m'malo angapo, ndipo muuze wogulitsa akayatse pamaso panu ndi foni, mudine star katatu mumve kakuyankha. Kwa sitolo, kakiliniki kapena ofesi ya mafoni awiri kapena anayi, HT802 ndikuivomereza ndi mtima wonse. Mafoni akapitirira pamenepo ndipo zingwe zake zonse zikukumana m'chipinda chimodzi, musaunjike timabokosi tinayi ndi machaja anayi pa extension imodzi. Tengani HT818 ya ma port 8, mukhale ndi adiresi imodzi yosamalira, ndipo chingwe cha ofesi chilowe ku WAN.